Funsani za Kompyuta: Linux ikukana kubuta, sikirini ikuti Security Violation

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kunyanja, Salima ndi Nkhotakota, ndipo kudandaula kwake nkofanana: laputopu inali ndi Windows ndi Linux pamodzi, zikuyenda bwinobwino, kenako tsiku lina imodzi yakana kulowa. Mawu achingerezi amene amatuluka pa sikirini ndawasiya momwe alili kuti muzifananiza ndi zomwe mukuona kwanuko, chifukwa yankho limabisala m'mawu omwewo.

Achimwene, ine ndi mphunzitsi kuno ku Chipoka. Ndili ndi Dell Latitude ya kaunjika, mwana wa achemwali anga anandiikira Linux ya Ubuntu pambali pa Windows 10 nde zimayenda bho, poyatsa pamabwera menyu ndimasankha ndekha. Tsiku lina Windows itamaliza apudeti, ndikuyatsa m'mawa pangotuluka timawu toti "Verifying shim SBAT data failed: Security Policy Violation", pansi pake "Something has gone seriously wrong", kenako yazima yokha. Mnyamata wina anandionetsa kudina F12 nkusankha Windows Boot Manager, chiyambireni pamenepo ndimangogwiritsa ntchito Windows yokha, koma masikimu ndi mayeso a ana zonse zinatsala ku Ubuntu. Wokonza wina pa Kamuzu Road akuti ndi vayirasi, tifomate. Nditani?
*Mphunzitsi, Chipoka*

Aphunzitsi, musalole kufomata, chonde. Si vayirasi ayi, ndipo masikimu anu alipo onse pa hadi disiki, palibe chawakhudza. Chomwe chakanidwa ndi kafayilo kamodzi kakang'ono kamene kamayamba kudzuka Ubuntu isanadzuke.

Makompyuta a kuyambira nthawi ya Windows 8, mu 2012, amabwera ndi chinthu chotchedwa Secure Boot mkati mwa UEFI, ija tonse timangoitchabe BIOS. Secure Boot ili ngati mlonda wa pageti amene safunsa kuti ndinu mwana wa ndani, iye amangoyang'ana ngati kalata yanu ili ndi chidindo chomwe akuchidziwa, palibe chidindo simulowa olo mukhale mwini nyumba. Siginecha imene pafupifupi laputopu iliyonse imaidziwa kuchokera ku fakitale ndi ya Microsoft. Nde anthu a Linux anapanga kapulogalamu kotchedwa shim, anakayamba ndi Matthew Garrett, Microsoft imakasayinira, kompyuta ikakalola kulowa nkamene kamadzutsa GRUB, menyu ija mumasankhapo ija, kenako GRUB nkudzutsa Ubuntu. Aliyense amayang'ana siginecha ya wotsatira wake.

Mu 2020 akatswiri a chitetezo anapeza bowo lalikulu mu GRUB, analitcha BootHole, ndipo ena anapezekanso pambuyo pake. Kuletsa mafayilo akale limodzilimodzi kukanadzadza kamalo kochepa kamene UEFI imasungiramo mndandanda wa zoletsedwa, nchifukwa chake anabweretsa SBAT: shim ndi GRUB iliyonse imakhala ndi nambala ya m'badwo wake, ndipo kompyuta imangouzidwa kuti m'badwo wochepera pakutipakuti usalowenso. Mu August 2024 Microsoft inatumiza lamulo limeneli kudzera mu apudeti ya Windows. Linayenera kulambalala makompyuta okhala ndi Linux pambali, koma ambiri sanazindikiridwe, lamulo linalembedwa, shim yakale inadziona yokha kuti yaletsedwa nkuzimitsa makina. Microsoft inadzakonza apudetiyo mu May 2025, koma zomwe zinalembedwa kale mu laputopu yanu sizinachoke zokha, nchifukwa chake mpaka lero ikukanabe.

Musanakhudze BIOS, lowani kaye ku Windows ndi F12 yanu ija, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe:

manage-bde -status

Ikanena kuti disiki C ili ndi BitLocker, loko wa Windows amene amakhoma zonse za pa disiki, lembaninso manage-bde -protectors -get C: ndipo manambala 48 amene atulukewo muwakopere m'kope ndi cholembera, osati mufayilo ya mu laputopu momwemo. Kalata yomaliza m'munsimu ikuonetsani chifukwa chake ndikukakamira pamenepa.

Mukatero zimitsani, yatsani mukudina F2, pezani pomwe palembedwa Secure Boot, chotsani kachizindikiro pa Secure Boot Enable, Apply, Exit. Menyu yanu ibweranso ndipo Ubuntu ilowa. Choyamba penipeni koperani masikimu ndi mayeso aja pa fulashi, kenako lumikizani hotspot ya foni nkutsegula Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo ku Ubuntu. Sikofunika kutsitsa ma apudeti onse ngati bandulo ili yochepa, ziwiri izi nzokwanira:

sudo apt update

sudo apt install --only-upgrade shim-signed grub-efi-amd64-signed

Zikatha bwererani ku F2 muyatsenso Secure Boot. Shim yatsopano, ya 15.8 kupita mtsogolo, imadutsa lamulo lija popanda vuto. Ikakanabe, zimitsaninso Secure Boot, lowani Ubuntu mulembe sudo mokutil --set-sbat-policy delete, muyatsenso makina kulowa Ubuntu kamodzi Secure Boot ikadali chizimire, kenako nkukaiyatsa. Lamuloli limafufuta mndandanda uja, koma ine ndimalitenga ngati chongopumulirapo, mankhwala enieni ndi shim yatsopano. Ngati mwana wa achemwali anu anaika Ubuntu yakale kwambiri imene inasiya kulandira ma apudeti, muuzeni akusamutsireni ku 22.04 kapena 24.04, mafayilo mutasunga kale pambali.

Pofuna kutsimikiza kuti zonse zabwerera m'malo, lembani mokutil --sb-state, iyankhe kuti SecureBoot enabled.

Akulu, ndine mwana wasukulu, ndimakhala pa boma ku Nkhotakota. Pa laputopu yanga ndili ndi Windows 11, Ubuntu ndi Fedora, nde menyu yakuda ya GRUB imandibowa ndinaika rEFInd, ija ya tizithunzi. Imagwira bwino Secure Boot ili yozimitsa. Pano gemu ina ku Windows ikukana kutseguka ikuti Secure Boot iyatsidwe, ndayatsa, pakubwera kabokosi kofiira "Secure Boot Violation. Invalid signature detected." Ndinayesa zina za pa YouTube pano pakubwera pa buluu "Verification failed: (0x1A) Security Violation". Kapena rEFInd siigwirizana ndi Secure Boot eti?
*Wophunzira, Nkhotakota boma*

Imagwirizana mphwanga, kungoti siinasayinidwe ndi Microsoft ngati shim, nde pafunika kuidziwitsa kwa kompyuta ndi manja ako.

Mauthenga awiri ukuwaonawo sakuchokera malo amodzi, ndipo wachita bwino kuti unawalemba onse. Kabokosi kofiira ndi UEFI yeniyeni ikukana, kutanthauza kuti makina akuyesa kudzutsa refind_x64.efi mwachindunji popanda shim kutsogolo. Uthenga wa pa buluu wa 0x1A uja ndi shim ikulankhula, ndiye kuti wasuntha sitepe imodzi: shim yalowa, koma chomwe ikufuna kudzutsa sichikudziwika kwa iyo. Zomwe unachita za pa YouTube zija zinakufikitsa theka la njira.

Theka lotsalalo ndi MOK, mndandanda wa makiyi amene mwini kompyuta amawonjezera yekha ndipo shim imawakhulupirira. Zimitsa kaye Secure Boot, lowa Ubuntu, onetsetsa kuti mapulogalamu a sbsigntool ndi openssl alimo, kenako:

sudo refind-install --shim /boot/efi/EFI/ubuntu/shimx64.efi --localkeys

Lamuloli limakopera shim mufoda ya rEFInd, limapanga kiyi yakoyako, limasayinira nayo rEFInd pamodzi ndi madalaiva ake owerengera ma partition a Linux, ndipo rEFInd imasinthidwa dzina kukhala grubx64.efi. Usadabwe ukaona dzina limeneli mufoda ya refind nkuyesa kuti zasokonekera, shim imangofunafuna fayilo ya dzina limenelo basi, nde Roderick Smith, amene amakonza rEFInd kuyambira 2012, anangoiveka dzinalo. Yang'ananso kuti mmx64.efi ili mufoda yomweyo pambali pa shim, popanda iyo sikirini yolembetsera kiyi siibwera.

Ukayatsa Secure Boot, 0x1A ibweranso kamodzi, dina OK, kenako batani lililonse kuti ulowe MOK management. Sankha Enroll key from disk, lowa mu EFI, refind, keys, sankha refind_local.cer, Continue, Yes, Reboot. Tizithunzi tako tibwerera.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakugwetsenso. China ndi vesheni: shim kuyambira 15.3 imakana kudzutsa pulogalamu yonga GRUB kapena rEFInd yopanda nambala ya SBAT ija ndafotokozera aphunzitsi pamwambapa, ndipo rEFInd yakale inalibe, nde ngati yako ili pansi pa 0.14 tenga yatsopano, apo ayi uzingolembetsa makiyi tsiku lonse osaona kusintha. Chinacho ndi Fedora. rEFInd imakonda kudzutsa kernel, mtima weniweni wa Linux, mwachindunji osadutsa ku GRUB, koma shim yomwe wagwiritsa ntchito ndi ya Ubuntu, mkati mwake muli satifiketi ya Canonical yokha, kampani yopanga Ubuntu, kernel ya Fedora siikuidziwa. Ubuntu ndi Windows zilowa, Fedora ikana. Mufoda ya keys muja mumakhalanso masatifiketi a mitundu ina ya Linux, ukhoza kulembetsa ya Fedora mwanjira yomwe ija, kapena pa menyu uzisankha kachithunzi kolozera ku EFI/fedora/shimx64.efi kuti Fedora idzuke ndi shim yake.

Kwa iwe wa masisitimu atatu rEFInd ili ndi phindu, ndikuvomereza. Koma owerenga amene muli ndi Windows ndi Ubuntu kapena Mint zokha, GRUB yomwe inabwera nayo inasayinidwa kale ndipo imasinthidwa yokha ndi ma apudeti, kuisiya chifukwa cha tizithunzi nkudzigulira ntchito imene muzibwereza nthawi iliyonse shim ikasintha.

Bambo, ndili ndi kasteshonale ku Dwangwa, timatayipa ndi kupirinta. HP yathu inali ndi menyu ya Linux Mint ndi Windows, pano ikungolowa Windows osafunsa, palibe uthenga uliwonse. Komanso nthawi ndi deti zikumasochera magetsi akathima. Ndi Secure Boot imeneyi?
*Mayi wa steshonale, Dwangwa*

Mayi, apa Secure Boot ilibe mlandu. Ikakana imanena, siikhala chete. Chasintha ndi ndondomeko ya chomwe chiyambe kudzuka, Windows Boot Manager yakwera pamwamba. Poyatsa dinani F9, muona dzina loti ubuntu, Mint imalembedwa choncho m'makina ambiri, sankhani limenelo mulowa. Kuti zikhazikike dinani F10 poyatsa, pitani pa Boot Options, kwezani ubuntu pamwamba, sungani.

Koma nkhani ya deti ija ndi imene yandiuza zambiri. Pa bolodi pali kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi zina za BIOS makina akazima. Kakatha, makina ena amabwerera ku zomwe anachokera nazo ku fakitale magetsi akangothima, nde mukonza lero mawa zabwerera. Sinthani kabatireko kaye, nkotsika mtengo. Muzimitsenso Fast Startup ku Windows, ili mu Control Panel pa Power Options, chifukwa imasiya disiki ya Windows itatsekeka theka ndipo Mint imalephera kulembamo mafayilo a makasitomala anu.

Achimwene, ndinaika Ubuntu pa Lenovo, poika inandifunsa pasiwedi ya Secure Boot ndinalemba. Itayakanso panabwera sikirini ya buluu ya chingerezi chambiri, ndinachita mantha ndinadina Continue boot. Ubuntu ikulowa koma WiFi palibe, ku Windows ilipo. Ndimagwira ntchito pa loji kuno ku Senga Bay, intaneti ndiye ntchito yanga.
*Mlongo wanu, Senga Bay*

Achemwali, sikirini ya buluu ija siinali vuto, inkadikira inu kuti muvomereze kiyi, ndipo anthu ambiri amaithawa chimodzimodzi. Makhadi ena a WiFi, makamaka a Broadcom, dalaiva wake samabwera mkati mwa kernel, amamangidwa pa laputopu yanu pomwepo nkusayinidwa ndi kiyi imene Ubuntu inapanga poika paja. Kiyiyo simunailembetse, nde Secure Boot ikayaka kernel ikukana dalaiva. Zomwezi zimachitika ndi makhadi a zithunzi a NVIDIA komanso VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera sisitimu ina mkati mwa inzake, ndipo mukayesa kumudzutsa dalaivayo pa Terminal imayankha kuti "Key was rejected by service".

Simukufunika intaneti kuti mukonze. Tsegulani Terminal:

sudo mokutil --import /var/lib/shim-signed/mok/MOK.der

Ikufunsani pasiwedi kawiri. Ndi yogwira ntchito kamodzi kokha, nde ikani yosavuta, manambala okhaokha asanu ndi atatu, chifukwa pa sikirini ya buluu paja kiyibodi imawerengedwa mwa chi America ndipo zizindikiro zina zimasintha malo. Yatsaninso makina muli pomwepo osachokapo, imangodikira masekondi 10. Dinani batani lililonse, Enroll MOK, Continue, Yes, lembani pasiwedi ija, musadabwe kuti palibe chikuoneka polemba, kenako Reboot. WiFi iyenera kubwera.

Ikapanda kubwera, mangani foni ndi kebulo muyatse USB tethering, mupite pa Additional Drivers muone ngati dalaivayo anaikidwa nkomwe.

Akulu, ndinagula ThinkPad kwa munthu wochokera ku Joni, ili ndi Windows 11. Ndimafuna kuika Kali Linux pambali ndiphunzire za netiweki, fulashi ikukana kubuta, nde ndinazimitsa Secure Boot. Pano Windows ikufuna BitLocker recovery key, ine sindikuidziwa, wogulitsayo foni sakuyankha. Muli zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga ndi mapepala a bizinesi. Komanso bwanji osangozimitsiratu Secure Boot mpaka kale, ikutithandiza chani ife kuno?
*Mnyamata wa ku Khombedza*

Choyamba usaike kanthu kalikonse pa disikiyo, fulashi ya Kali ichotse. Dina F1 poyatsa, bwerera pa Security, yatsanso Secure Boot, china chilichonse chomwe unasintha uchibweze momwe chinalili. Usakhudze Clear All Secure Boot Keys, Reset to Setup Mode kapena Clear Security Chip, ukadina zimenezo njira yobwerera yatsekeka.

Chifukwa chake nchakuti kiyi yotsegulira disiki imasungidwa mu kachipu ka TPM, ndipo kachipuko kamaipereka pokhapokha kakaona kuti makina adzuka mofanana ndi tsiku lomwe disiki inakhomedwa. Wazimitsa Secure Boot, kaona kusintha, kaumira. Ukabweza momwe zinalili, nthawi zambiri Windows imangolowa osafunsanso. Ikalowa, chinthu choyamba tenga manambala 48 aja ndi manage-bde -protectors -get C: uwalembe papepala, chachiwiri kopera zithunzi ndi mapepala aja kwina.

Ikakanabe, tenga foni ulowe account.microsoft.com/devices/recoverykey ndi akaunti ya Microsoft imene unalowera nayo pa laputopuyo, mwina kiyi inasungidwa kumeneko. Koma ngati Windows unaipeza yoika kale ndipo akaunti ndi ya mwini wake woyamba kapena ya kampani yomwe inkagwiritsa ntchito makinawo, kiyi ili kwa iwowo, ndipo apa sindikunamiza: popanda manambala amenewo palibe wokonza ku Salima, ku Lilongwe kaya kunja amene angatsegule disikiyo. Wina akakuuza kuti ali ndi pulogalamu yothyolera BitLocker, ndalama zako usunge. Zimandipweteka ndikamalandira makalata otere chifukwa zithunzi za ukwati sizijambulidwa kawiri, nchifukwa chake aliyense wogula laputopu ya kaunjika ndimamuuza kuti tsiku loyamba lomwelo aikemo Windows yatsopano pa akaunti yake, asanasungemo kanthu.

Za fulashi ija: Kali ilibe shim yosayinidwa ndi Microsoft, nde kukana kwake kunali koyenera, chimodzimodzi Arch Linux. Ubuntu, Fedora, Debian ndi openSUSE zili nayo. Koma ma ThinkPad ena atsopano amakana olo Ubuntu yomwe, chifukwa satifiketi imene Microsoft imasayinira mapulogalamu a anthu ena imabwera yozimitsa. Pa tsamba lomwelo la Secure Boot pali mzere woti Allow Microsoft 3rd Party UEFI CA, ukauyatsa Ubuntu imabuta Secure Boot ili chiyakire. Kusintha kumenekonso kumadzutsa BitLocker, nde uyambe wapita ku Windows pa Manage BitLocker nkudina Suspend protection, kiyi ili kale m'thumba. Ndipo kunena zoona, pophunzira za netiweki Kali imakwana bwino mu VirtualBox mkati mwa Windows, anthu a Kali amapereka fayilo yokonzeratu ya zimenezo, sukhudza BIOS olo pang'ono.

Funso lako lomaliza. Kuzimitsa kwa ola limodzi pokonza zinthu palibe cholakwa, ndawauza aphunzitsi aja kuti atero. Kuzimitsiratu ndiye sindikugwirizana nako, makamaka kuno kwathu kumene fulashi imodzi imayenda musteshonale, kusukulu, kwa wobena nyimbo nkubwerera mu laputopu yako madzulo, komanso Windows ndi mapulogalamu ambiri amene anthu amapatsana ndi othyola. Pali mavayirasi amene amakhala pansi pa Windows penipeni, amadzuka antivayirasi isanadzuke, ndipo BlackLotus, imodzi mwa mavayirasi amenewa, inaonetsa kuti akuba amalimbikiradi malo amenewa. Secure Boot siitseka zonse, koma imatseka khomo limenelo kwa ambiri a iwo.

Pali chinanso chokhudza tonse a masisitimu awiri. Masatifiketi a Microsoft amene ali m'makompyuta ambiri ndi a 2011 ndipo nthawi yake yothera ndi 2026, ena mu June ena mu October, olowa m'malo mwake ndi a 2023. Makina sasiya kuyaka chifukwa cha deti limenelo, zomwe zinasayinidwa kale zimalowabe, koma shim kapena boot manager yosayinidwa ndi satifiketi yatsopano yokha idzakanidwa pa laputopu imene siinalandire masatifiketi a 2023. Amabwera kudzera mu Windows Update ndi ma apudeti a BIOS ochokera kwa opanga makina, ndipo Windows imawalemba pokhapokha Secure Boot ili yoyaka. ThinkPad yakoyo ikatseguka, ipatse bandulo imalize ma apudeti onse a Windows, kenako tsegula Lenovo Vantage uone ngati pali BIOS yatsopano, uike batire ili yodzadza ndi chaja chili chomanga, BitLocker utaiimitsa kaye.